Pangano la chikole: kudzimanga ndi ndalama pofuna kusiya chizolowezi

Pangano la chikole ndi lonjezo limene munthu amadzimanga nalo yekha pamaso pa mboni. Amatchula chimene akufuna kuchita kapena kusiya, amaika tsiku, kenako amasiya ndalama m'manja mwa munthu wina kapena kubanki. Akakwaniritsa, ndalamazo amazitenganso. Akalephera, ndiye kuti zapita. Tonse tikudziwa kuti wolonjeza usiku kuti sasutanso amadzuka m'mawa ali ndi chibaba, ndipo matenda a m'mapapo amaoneka ngati ali kutali. Chikole chimachititsa kuti kuphwanya lonjezo kupweteke lero lomwe.

Mu 2008 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Yale ku America, Dean Karlan ndi Ian Ayres, adatsegula tsamba la pa intaneti lotchedwa stickK, lolembetserapo mapangano otere. Karlan ndi anzake adayesanso njirayi pachilumba cha Mindanao ku Philippines. Osuta fodya adapatsidwa mwayi wotsegula akaunti ndi kumaikamo ndalama zimene akadagulira ndudu. Itakwana miyezi 6, amawayeza mkodzo. Wopezeka kuti wasiya amatenga ndalama zake. Wopezeka akusutabe, ndalama zake zimapita ku ntchito zachifundo. Anthu 11 okha mwa 100 aliwonse ndiwo adavomera, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu a iwowa adataya ndalama zawo. Komabe, poyerekeza ndi amene sadapatsidwe mwayiwo, osiya fodya adachulukirapo ndi anthu 3 pa 100 aliwonse, ndipo atayezedwanso modzidzimutsa patatha chaka, kusiyanako kudalipobe. Njirayi imathandiza, koma tisamaiyese mankhwala ochiza aliyense.

Kwa ife Asilamu nzeru imeneyi si yachilendo. Imam al-Dhahabi adalemba za Abdullah ibn Wahb, wophunzira wa Imam Malik wa ku Egypt, yemwe adamwalira m'chaka cha 197 cha Hijra. Iye adadzilonjeza kuti akanena miseche azisala tsiku limodzi. Kusalako kudamutopetsa, koma miseche siidathe: ankanena, nasala, nanenanso. Ndiye adasintha, nati pa miseche iliyonse azipereka sadaka ya dirhamu imodzi. Chifukwa chokonda madirhamu ake, miseche adaisiya. Timaikonda nkhaniyi poti mwini wake sadadzibise. Adadziwa pamene mtima wake umamva kuwawa, nakanikiza pomwepo.

Pali malire amene tiyenera kuwasamala. Anthu awiri akaika ndalama pamodzi n'kugwirizana kuti wolephera zake zidyedwe ndi mnzake, imeneyo ndi njuga, ngakhale cholinga chikhale chabwino chotani. Ndalama za wolephera zipite kwa osauka, ana amasiye kapena kumzikiti, ndipo wosunga asapindulepo kanthu. Pa stickK munthu amathanso kusankha kuti akalephera ndalama zake zipite ku bungwe limene amadana nalo, kuti zimuwawe kwambiri. Ife sitingatero ngati bungwelo likuchita zoletsedwa, pakuti kumeneko n'kuthandizira tchimo.

Tisiyanitsenso pangano wamba ndi lonjezo lopereka kwa Allah, lija lotchedwa nadhiri. Mu Bukhari ndi Muslim muli mahadisi oonetsa kuti Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) sadalimbikitse nadhiri, choncho tisathamangire kutchula dzina la Allah pa nkhani imene mboni ndi pepala zingakwanire. Amene watchula kale pofuna kudziletsa chinthu, n'kulephera, maulama a madhihabu a Shafi'i amati asankhe: apereke chimene adalonjeza, kapena alipe dipo la kulumbira lotchulidwa mu Surat al-Ma'ida ndime 89, lomwe ndi kudyetsa kapena kuveka osauka 10, ndipo wosakwanitsa asale masiku 3.

Mapangano ambiri amafera pa mboni ndi pa kuchuluka kwa chikole. Mboni yachisoni, imene idzabweza ndalama ikamva kudandaula, yaononga pangano lisanayambe. Cholinga chikhale chooneka: "ndidzalimbikira" palibe angayeze, koma "ndizisunga gawo la ndalama za usipa Lachisanu lililonse mpaka sukulu itatsegulira" aliyense angawerenge. Chikole chikhale chowawa kutaya, koma chisachokere pa ufa wa ana kapena fizi yawo, chifukwa kudyetsa banja ndi udindo wokakamizidwa. Msodzi aganizirenso za masiku a mwera, pamene bwato limagona pamtunda. Zimenezo zilembedwe m'pangano tsiku loyamba, pamaso pa mboniyo.