Mbiri ya Dzanzi: Kucokera ku Andes Kufika ku Kakumbi

Ku Kakumbi, m'boma la Mambwe, mabala sasowa. Msodzi wa mu Luangwa mbedza imamulowa m'cala, mlimi khasu limamutema phazi, wina ngwena imamusiya mnofu uli lende. Akafika pa kiliniki ya Kakumbi ku Mfuwe, kapena pa cipatala ca Kamoto, amayamba amulasa nyeleti m'mbali mwa bala asanalisoke. Pakapita mphindi zocepa, malowo amacita dzanzi. Munthu ali maso, akuona ulusi ukulowa ndi kutuluka, koma ululu palibe. Mankhwalawo ndi lignocaine, ena amati lidocaine. Kabotolo kake n'kakang'ono, koma kanayenda ulendo wautali kuti kafike m'cigwa cimeneci.

David Livingstone, amene anawoloka Luangwa mu December 1866, anali ndi mkono wopunduka cifukwa mkango unamuphwanya fupa ku Mabotsa mu 1844. M'caka cimeneco kunalibe nyeleti yocititsa dzanzi kulikonse pa dziko lapansi. Wovulala ankamupatsa mowa kapena opium, anthu amphamvu n'kumupanikiza kuti asaphuphe.

Koma ku mapiri a Andes, ku South America, anthu anali atadziwa kalekale kuti masamba a coca akawatafuna, m'kamwa mumacita dzanzi. Mu 1860, Albert Niemann wa ku Göttingen, ku Germany, anatulutsa mankhwala m'masambawo n'kuwacha cocaine. Inde, cocaine yomweyi imene lero ikuwononga acinyamata. Mu 1884, dokotala wa zaka 26 ku Vienna, Carl Koller, anaidonthezera m'diso la cule, kenako m'diso lake lomwe, n'kupeza kuti diso likhoza kukhudzidwa osamva kanthu. Posakhalitsa William Halsted wa ku New York anayamba kuilasa pafupi ndi mtsempha kuti dera lonse la mtsemphawo licite dzanzi. Cifukwa coyesera pa thupi lake, cocaine inamugwira ukapolo. Zinaonekeratu kuti pafunika mankhwala ena osazolowereka m'thupi. Alfred Einhorn anapanga procaine, imene inayamba kugwira nchito mu 1905. Mu 1943, ku Stockholm, Nils Löfgren ndi Bengt Lundqvist anapanga lidocaine, ndipo inalowa pa msika mu 1948.

Codabwitsa n'cakuti madokotala anagwiritsa nchito mankhwalawa zaka zoposa 60 asanamvetse bwino mmene mtsempha umatumizira uthenga. Yankho linacokera kwa Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley, amene anafufuza ku Plymouth, ku England, pa mtsempha wonenepa wa nyama ya m'nyanja yochedwa squid. Zimene anapeza anazifalitsa mu 1952, ndipo mu 1963 analandira mphoto ya Nobel.

Nazi zimene zimacitika. Mtsempha uli ngati kapaipi kokutidwa ndi cikopa copyapyala ca mafuta. Kunja kwake kuli sodium wambiri, yemweyo wa mu mcere wa pa ndiwo, pomwe mkati muli wocepa. Pa cikopaco pali tizitseko tambirimbiri. Mbedza ikalasa cala, tizitseko ta pamalopo timatseguka, sodium n'kuthamangira mkati ndi mphamvu yake ya magetsi. Mphamvuyo imatsegula tizitseko toyandikana nato, nato n'kutsegula tina, mpaka uthenga kufika ku ubongo. Amene anaonako moto wa m'chire mu October akudziwa: udzu woyaka ndiwo umayatsa unzake. Mukalambula pakati, moto umathera pomwepo.

Lignocaine ndiye wolambulayo. M'thupi amakhala m'mitundu iwiri: wina wopanda mphamvu ya magetsi, wina wokhala nayo. Wopanda mphamvuyo amadutsa mosavuta m'cikopa ca mafuta cija. Akalowa mkati, amatola kanthu kochedwa proton, n'kukhala ndi mphamvu ya magetsi, kenako amakakhala pakhomo pa katseko ca mkati n'kutsekereza njira. Sodium akalephera kulowa, uthenga umafera panjira. Bala lilipo, koma ubongo sunauzidwe. Mu 1977, Bertil Hille wa ku Seattle anafotokoza kuti mankhwalawa amagwira kwambiri tizitseko timene tikutsegukatseguka, conco mtsempha umene uli kalikiliki kutumiza uthenga ndiwo umatsekeka msanga. Ululu ndiwo umayamba kuzimiririka. N'cifukwa cake pozula dzino mumamva kukankha ndi kukoka, koma osati kuwawa. Pakapita ola limodzi kapena awiri, magazi amatenga mankhwalawo kupita nawo ku ciwindi, tizitseko n'kuyambanso nchito.

Mtima ndi ubongo nazonso zili ndi tizitseko totere. Mankhwala akaculuka m'magazi, munthu akhoza kuyamba kunjenjemera ngati wa khunyu, kapena mtima kusokonezeka. Ndiye cifukwa anamwino amayesa mlingo mosamala, makamaka kwa ana, ndipo nyeleti imeneyi si ya kulasana kunyumba.

Pali cinanso cimene mbiriyi ikutiphunzitsa. Bala likacita mafinya, mnofu wa pamenepo umaculuka asidi. Pamalo otere, lignocaine wambiri amatola proton akali kunja, ndiye amalephera kudutsa cikopa ca mtsempha. Dzanzi silibwera mokwanira. Mnyamata amene wasunga dzino lobooka miyezi itatu poopa ululu, n'kupita ku cipatala tsaya litatupa, amakakumana ndi ululu womwewo umene ankauthawa. Kaya muli ku Kakumbi, ku Kapata mu Chipata, kapena ku Matero mu Lusaka, pitani bala likali laliwisi, dzino lisanatupitse tsaya. Pamenepo m'pamene kabotolo kaja kamagwira bwino nchito yake.