Chimombo ndi Nkhani za ku Msinja

Adzukulu inu, mukaima pa msika wa Mitundu n'kuyang'ana kumadzulo, mapiri amene amatchinga dzuwa aja ndi Dzalanyama. Agogo athu ankati kumeneko, pa Kaphirintiwa, ndi pamene mwamuna ndi mkazi oyamba anatsikira pamodzi ndi mvula, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero. Mwala unali usanaume, choncho mapazi awo ndi a nyama anadindika pomwepo. Munthu atapeka moto, tchire linayaka, nyama zinabalalika, koma galu ndi mbuzi anathawira kwa iye. Pothawa motowo, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude.

Kufupi ndi Kaphirintiwa kunali kachisi wa ku Msinja. Makewana, mayi woyang'anira kachisiyo, sankakwatiwa ndi munthu, ndipo tsitsi sankameta, poopa kuti angamete mvula. Ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa matsano, mwamuna wake anali Thunga, njoka ya mizimu, ndipo ng'oma ya mbiriwiri ikalira anthu ankadziwa kuti nthawi ya nsembe yakwana.

Ife tikukula, zoterezi kusukulu ndi kutchalitchi ankazitcha zachikunja. Tinkazinong'onezana madzulo pamoto basi.

Ndiye kunabwera mwana wa ku Zomba, Steve Chimombo, wobadwa mu 1945, mphunzitsi wa pa Chancellor College. Iyeyu sanachite nazo manyazi. Sewero lake The Rainmaker, lomwe linasindikizidwa mu 1978, linaimika Makewana, wansembe Kamundi ndi M'bona woitanitsa mvula pamaso pa ophunzira a ku yunivesite, n'kuonetsa mkangano wa mvula umene unathamangitsa M'bona mpaka kukafera kumunsi kwa Shire, kumene kachisi wake wa Khulubvi ali mpaka lero. Anatenganso Napolo, chinjoka chogona pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimagumula nthaka ndi madzi, monga chinachitira ku Zomba mu 1946, n'kuchilowetsa m'ndakatulo zake. M'masiku a Kamuzu, pamene pakamwa pankapha munthu, wowerenga wochenjera ankamva yekha kuti chinjokacho sichinali cha m'phiri chokha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti sewero lija lili m'Chingerezi. Amayi a ku Nathenje ndi kuno kwathu, eni ake a nkhanizi, sanamve momwe mwana wa kwina anazilemekezera. Chimombo anatisiya mu 2015. Inu amene mwapita kusukulu, kafuneni The Rainmaker, mudzandiwerengere m'Chichewa ndikadali ndi makutu.