Ulendo wa Ndege Pakati pa Mongu ndi Kalabo

Kumadzulo kwa dziko la Zambia kuli mizinda iwiri, Mongu ndi Kalabo. Mbalame youluka cosakhota kucokera pa bwalo la ndege la Mongu kufikira pa la Kalabo iyenda mamailosi ngati 40. Mtunda umenewu ndi waufupi ndithu, koma pakati pace pagona cigwa cacikulu ca mtsinje wa Zambezi.

Caka ndi caka, mvula ikagwa kumtunda, Zambezi asefukira namiza cigwaco kwa miyezi ingapo. Ndiyo nyengo ya Kuomboka, pamene Litunga, mfumu ya Alozi, acoka ku Lealui kumka ku Limulunga. Masiku amakedzana munthu wofuna kupita ku Kalabo nthawi ya cigumula anali kukwera bwato, ndipo opalasa anali kutha tsiku lathunthu kapena kupitirira. Madzi akaphwa panatsala mcenga wozama umene unali kutitimiritsa magalimoto. Wodwala kwakaya-kaya anali kufooka ali m'njira, ndipo makalata anali kucedwa. Amuna ambiri a dzikolo anali ku migodi ya ku South Africa pansi pa Wenela, kufikira boma la Zambia linaletsa kulemba anthu kumeneku mu 1966, motero kalata inali cinthu ca mtengo wapatali pamudzi.

Mu 1946 maboma a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa kampani ya Central African Airways. Mu 1951 kampaniyo inagula ndege zazing'ono zochedwa Beaver, zopangidwa ku Canada. Beaver inali ya injini imodzi, yonyamula anthu 6, ndipo luso lace linali lakuti inali kutera ndi kunyamuka pa kabwalo kakafupi kopanda phula. Popeza inali kuuluka mamailosi oposa 120 pa ora limodzi, ulendo wa ku Kalabo unasanduka wa mphindi ngati 20. Koma mipando inali yocepa ndipo mtengo unali waukulu, cotero anthu wamba anapitirirabe kudalira nkhafi.

Mu 1964 ndege zina za mtunduwu zinapatsidwa kwa Zambia Airways, imene inayamba ngati nthambi ya kampani ija. Central African Airways inatha mu 1967, ndipo Zambia Airways nayo inagwa mu 1994.

Cimene cinathandiza anthu onse ndico mseu. Mu 2016 unatsegulidwa mseu wa phula wodutsa m'cigwamo pamwamba pa cimtumbira ca dothi, wokhala ndi milatho 26 kuti madzi apite pansi pace. Lero mlimi wa mpunga ndi msodzi wa ku Kalabo afika ku Mongu pa galimoto ngakhale cigwa conse cili madzi okha-okha.