Linga la Chittor ndi Mkazi wa m'Ndakatulo

Kuno ku Petauke ndi ku Nyimba mphunzitsi sasowa nkhalamba yomuuza za malinga amene Ansenga anamanga poopa mikondo ya Angoni. Cobvuta cifika pamene mwana aimika dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi zimenezi zinacitikadi?" Funsoli linanditengera ku India, kumene nkhani ya mlakatuli inakula kuposa mau a mboni.

Chittor ndi linga lamiyala pamwamba pa phiri ku Rajasthan, mudzi wa mafumu ankhondo ochedwa Rajput. M'caka ca 1303 Alauddin Khalji, mfumu ya ku Delhi, analizinga pafupi-fupi miyezi isanu ndi itatu, kufikira linagwa m'mwezi wa August. Mlembi wa m'bwalo lace, Amir Khusrau, anali pomwepo. Iye asimba za makina oponya miyala, za kugonja kwa mwini linga, za anthu 30,000 amene anaphedwa, ndi za dzina latsopano, Khizrabad, limene Alauddin anapatsa lingalo polemekeza mwana wace. Dzina la mkazi Padmavati mulibe m'buku lace.

Zitapita zaka 237, mu 1540, Malik Muhammad Jayasi, Msilamu wa gulu la Asufi, analemba ndakatulo yaitali, Padmavat. Sanailemba m'Cipersia ca m'mabwalo a mafumu, koma m'Ciawadhi, cinenero ca anthu wamba. M'menemo mfumu Ratansen amva kwa cinkhwe colankhula za kukongola kwa Padmavati, mwana wa mfumu ya Simhal, naoloka nyanja kukamkwatira. Nduna ina yopitikitsidwa iulula za mkaziyo kwa Alauddin, ndipo nkhondo iyamba. Alauddin aona nkhope yace m'kalilole cabe, nagwira Ratansen mwacinyengo. Tsono afika malo amene ana anga akonda koposa: ngwazi ziwiri, Gora ndi Badal, zipita kwa adani ndi macila ambiri ophimbidwa monga onyamula akazi, koma m'katimo muli asilikari! Potsiriza Ratansen afa pomenyana ndi mfumu ina ya Rajput, akazi alowa pamoto, ndipo Alauddin alandira miyala ndi phulusa.

Ambiri awerenga ndakatuloyi monga fanizo la mzimu wofuna Mulungu. Komabe si kuti yonse inacokera m'mutu mwace. Mu 1535, zaka zisanu zokha asanalembe, Chittor inagwanso m'manja mwa Bahadur Shah wa ku Gujarat, akazi a m'lingamo nadziotcha. Ine ndiganiza kuti utsi wa caka cimeneco ndiwo unalowa m'nkhani ya 1303.

Olemba mbiri a pambuyo, monga Firishta ndi James Tod (1829), anaika nkhani ya mfumukaziyo m'mabuku ao pamodzi ndi zocitikadi. Inazika mizu kotero kuti mu 2018, poturuka kanema wonena za iye, anthu ena ku India anatentha mabasi poteteza ulemu wa mkazi amene mboni ya nkhondoyo sinamchule.

Tisafulumire kuwaseka, abale anga, pakuti ifenso tiri nazo. Angoni asimba kuti Zwangendaba anamenya madzi a Zambezi ndi ndodo, madziwo nagawikana. Asimbanso kuti tsikulo dzuwa linada masana. Za ndodo palibe wozitsimikiza. Koma akatswiri a zakumwamba anawerengera napeza kuti m'mwezi wa November 1835 kunagwadi kadamsana, ndipo ndimo tidziwira caka cimene Angoni anaolokera pafupi ndi Zumbo, asanakhale zaka zingapo pakati pa Ansenga.

Ndinatuma ana anga kukafunsa agogo ao za linga lakale la kwao, ndi kulemba zinthu zitatu: amene wanena, amene anamuuza iyeyo, ndiponso ngati malowo aoneka kufikira lero. Mtsikana wina anabwera ndi nkhani ziwiri zosiyana za linga limodzi, ina ya agogo akucimuna, ina ya agogo akucikazi. Tinazilemba zonse ziwiri pa bolodi, ciri conse ndi dzina la mwini wace.