Game Freak, kampani ya ku Japan imene inabala Pokémon

Game Freak ndi kampani ya ku Tokyo, m'dziko la Japan, yopanga magemu a pakompyuta. Inakhazikitsidwa pa 26 Epulo 1989, ndipo mbiri yake inafika patali chifukwa cha Pokémon. Ambiri akaona Pikachu, kanyama kachikasu ka masaya ofiira kaja, maganizo awo amathamangira kwa Nintendo. N'zoona kuti Nintendo ndiyo imagulitsa magemu amenewa pa makina ake, koma oumba zilombozo, opeka nyimbo zake ndi olemba mapulogalamu ake ndi a Game Freak.

Mwini nkhani ndi a Satoshi Tajiri, amene anabadwa mu 1965 nakulira ku Machida, kunja kwa mzinda wa Tokyo. Masiku amenewo ku Machida kunali minda ya mpunga, maiwe ndi nkhalango, ndipo a Tajiri ali mwana ankakhalira kusaka tizilombo mpaka anzawo anawapatsa dzina loti dokotala wa tizilombo. Anali ndi maso. Ataona kuti zikumbu zina zimakonda kugona pansi pa miyala usana, ankaika mwala patsinde pa mtengo, n'kudzauvundukula tsiku linalo. Koma mzinda unali kukula, maiwe aja anakwiriridwa, ndipo pamene panali tchire panamera misewu ndi masitolo. Mu 1978 kampani ya Taito itatulutsa Space Invaders, mnyamatayu anasamutsira mtima wake wonse ku nyumba zosewereramo magemu oponya kobiri.

Dzina la Game Freak linayamba ndi kamagazini. Cha mu 1983 a Tajiri anayamba kulemba pamanja njira zopambanira magemu, kuchita fotokope masambawo, kuwalumikiza ndi sitepula n'kukagulitsa m'sitolo. Kope lofotokoza zinsinsi za gemu ya Xevious ndilo linayenda malonda kwambiri. Wojambula wina wachinyamata, a Ken Sugimori, anakaona kamagaziniko nakopeka nako, ndipo posakhalitsa anakhala wojambula wake. Gululi litakula, linayamba kuona kuti magemu ambiri amene linkalemba nkhani zake anali osagwira mtima. Linaganiza zopanga ake. A Tajiri anaphunzira okha kulemba mapulogalamu a Famicom, makina a Nintendo olumikiza ku wailesi yakanema, ndipo mu 1989 kampani ya Namco inatulutsa gemu yawo yoyamba, Quinty, imene ku America inatchedwa Mendel Palace. Wosewera amatembenuza matailosi a pansi kuti adani ake aterereke n'kukawomba khoma. Nyimbo zake anapeka ndi a Junichi Masuda, amene anadzakhala mmodzi mwa mizati ya kampaniyi kwa zaka zoposa 30.

Chaka cha 1989 chomwecho Nintendo inatulutsa Game Boy, kamakina kam'manja koyendera mabatire, kokhala ndi galasi laling'ono losaonetsa mitundu. Panali chingwe cholumikizira makina awiri, chimene anthu ankapikisanirapo magemu monga Tetris. A Tajiri ataona chingwecho, m'maganizo mwawo anaona tizilombo tikuyenda pamenepo kuchoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake. Panalinso kachinthu kena kamene kankawadya mumtima. Posewera Dragon Quest II, a Sugimori anapeza ziwiri za chinthu chosowa kwambiri chimene a Tajiri ankachifunitsitsa, koma panalibe njira yoti agawane. Apa ndi pamene panachokera ganizo limene lagwiriziza kampaniyi mpaka lero, loti chingwe chikhale chosinthanirana.

Mu 1990 a Tajiri anakapereka ganizoli kwa Nintendo pansi pa dzina loti Capsule Monsters. Nintendo inavomera, ndipo a Shigeru Miyamoto, mlengi wa Mario, anakhala mlangizi wawo. Ntchito imene inkaoneka yaifupi inatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Kuti poto asazizire, kampaniyi inkapanga magemu ena: Yoshi mu 1991 ndi Mario & Wario mu 1993 a Nintendo, komanso Pulseman mu 1994 ya Sega. Ndalama zinkathabe. Antchito asanu anasiya ntchito, ndipo a Tajiri anakhala nthawi yaitali osadzilipira malipiro, akudalira thandizo la bambo awo. Kampani ya Creatures inaikamo ndalama kuti ntchitoyo ithe, n'chifukwa chake nayonso ili ndi gawo pa umwini wa Pokémon.

Magemu oyamba a Pokémon, Pocket Monsters Red ndi Green, anatuluka pa 27 Febuluwale 1996, Game Boy itakalamba kale moti ambiri ankaiona ngati yatha ntchito. Ganizo lotulutsa makaseti awiri osiyana pang'ono linachokera kwa a Miyamoto, ndipo linali lanzeru zedi. Zilombo zina zinkapezeka mu Red mokha, zina mu Green mokha. Zina, monga Kadabra ndi Haunter, sizinkakula n'kusintha maonekedwe pokhapokha zitadutsa pa chingwe kupita kwa munthu wina. Mwana wofuna kudzaza mndandanda wake wa zilombo 150 analibe kuchitira mwina koma kutuluka m'nyumba, kukapeza mnzake, n'kukambirana malonda. Chinanso choyenera kuyamikira n'chakuti zilombo zikagonja pa nkhondo zimangokomoka, sizifa, pakuti a Tajiri sankafuna kuti ana azitenga imfa ngati choseweretsa. Pikachu anajambula ndi a Atsuko Nishida.

Malonda anayamba mozizira. Chimene chinakoleza moto chinali chilombo cha nambala 151, Mew. Gemu itatsala pang'ono kupita ku fakitale, zida zoyesera zolakwika zitachotsedwa, mu kaseti munatsala kampata kakang'ono, ndipo wolemba mapulogalamu wina, a Shigeki Morimoto, analowetsamo Mew mwakachetechete. Osewera ena anayamba kukumana nacho chifukwa cha zolakwika za mu pulogalamu, mphekesera n'kuwanda m'masukulu. Magazini ya ana ya CoroCoro Comic italengeza mu 1996 kuti ipereka Mew kwa anthu 20 okha, anthu pafupifupi 78,000 analembera kufuna mwayiwo. Kuchokera pamenepo makaseti anayamba kuyenda ngati zitumbuwa zamoto. Makadi osewerera anatuluka chaka chomwecho, katuni inayamba pa TV Tokyo mu Epulo 1997, ndipo mnyamata wa mu katuniyo anapatsidwa dzina loti Satoshi, mdani wake Shigeru, polemekeza a Tajiri ndi a Miyamoto. Mu 1998 magemuwa anafika ku America pansi pa mayina a Red ndi Blue.

Chaka cha 1998 chomwecho Nintendo, Game Freak ndi Creatures anakhazikitsa kampani imene lero ndi The Pokémon Company, yoyang'anira dzinali, makadi, zidole ndi zina zotero. Gold ndi Silver zinatsatira mu 1999. Pa Ruby ndi Sapphire mu 2002, utsogoleri wa ntchito unali m'manja mwa a Masuda, a Tajiri atabwerera m'mbuyo kukayendetsa kampani. Diamond ndi Pearl za mu 2006 zinalola anthu kusinthana zilombo pa intaneti, chingwe chija n'kupuma. Pokémon Go ya mu 2016, imene inayendetsa anthu m'misewu maso ali pa foni, inapangidwa ndi kampani ina ya ku America, Niantic.

Chodabwitsa n'chakuti Game Freak yakhalabe yaing'ono. Antchito ake ndi cha m'ma 200, pamene makampani ena amasonkhanitsa anthu oposa 1,000 pa gemu imodzi. Kuchepaku kunali mphamvu yake m'masiku a Game Boy, koma pa Nintendo Switch katundu wayamba kulemera, makamaka poti gemu iliyonse iyenera kutuluka pa nthawi yogwirizana ndi katuni ndi makadi. Mu 2019 osewera ambiri anakwiya atamva kuti Sword ndi Shield sizikhala ndi zilombo zonse zakale. Mu 2022 kampaniyi inatulutsa magemu akuluakulu awiri m'chaka chimodzi, Legends: Arceus mu Januwale ndi Scarlet ndi Violet mu Novembala. Omalizawa anagulidwa makope oposa 10 miliyoni m'masiku atatu, koma zithunzi zinkadodoma ndipo zolakwika zinali mbwee, mpaka Nintendo inapepesa poyera. Madandaulowo anali omveka, chifukwa munthu amene walipira ndalama zake ayenera kulandira chinthu chopsa.

Chaka cha 2022 chomwecho a Masuda anachoka kupita ku The Pokémon Company. A Tajiri, amene saonekaoneka pagulu, akadali mkulu wa Game Freak, yomwe mu 2020 inasamukira ku Kanda, m'nyumba imene mulinso maofesi a Nintendo. Kampaniyi ili ndi dongosolo lotchedwa Gear Project, lolola wantchito kubweretsa ganizo lake la gemu yosakhudza Pokémon, ndipo HarmoKnight ya mu 2012 ndi Pocket Card Jockey ya mu 2013 zinabadwira mmenemo. Mu 2025 inatulutsa Pokémon Legends: Z-A, inalengezanso Beast of Reincarnation, gemu ya PlayStation 5, Xbox ndi kompyuta wamba.