Mbiri ya Malonda a Nchito za Manja ku Dedza

Kale makolo athu kuno kwa Kaphuka sanali kudziwa sitolo. Mai akaumba mtsuko kapena nkhali, wogula anali kudzaza cimanga m'menemo, ndipo cimangaco ndico cinali mtengo wace. Luso la dongo linali kucoka kwa mai kunka kwa mwana wace wamkazi, pamene amuna anali kusema mitondo ndi kuluka malicero.

Atafika masitolo, ndowa za citsulo zinalanda malo a mtsuko, ndipo pambuyo pace kunadza za pulasitiki. Asungwana ambiri anayamba kucita manyazi kugwira dongo.

Komabe lusolo silinafe. M'caka ca 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada, anatsegula Kungoni pa misyoni ya Mua, kunsi kwa mapiri athuwa, nasonkhanitsa amisiri osema kuti aziphunzitsana ndi kugulitsa nchito zao. M'caka ca 1987 banja lina linayamba Dedza Pottery pafupi ndi boma, nililemba anthu a m'midzi nchito youmba makapu ndi mbale. Motero dongo limene tinalinyoza linayambanso kudyetsa mabanja.

Zotere zinacitikanso kutali, ku Amereka. Kumeneko kuli mtundu wa anthu ochedwa Navajo, odziwa kuomba zofunda za ubweya wa nkhosa ndi kusula siliva. M'caka ca 1878 John Lorenzo Hubbell anagula sitolo ku Ganado, m'dera la Arizona, nalimbikitsa oomba kuti aziomba zolimba zokhazokha. Banja lace linasunga sitoloyo kufikira 1967. Koma mbiri ya katundu wabwino imaitana onyenga, cotero m'caka ca 1990 boma la Amereka linakhwimitsa lamulo loletsa kugulitsa zinthu monamizira kuti anazipanga ndi eni dziko.

Owerenga anzanga, phunziro lace nali: sitolo ya banja imakhala ndi moyo cifukwa ca coonadi. Mlendo akagula coseme ca mtengo wamba copakidwa polishi, namuuza kuti ndi phingo, sabweranso, ndipo manyazi agwera mudzi wonse. Ndiponso sitolo singagulitse cimene palibe wocipanga. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ngati m'mudzi mwanu mwatsala agogo amodzi oumba mbiya, tumizani mwana wanu akakhale pambali pao manja ao asanatope.