Mbiri ya Luso Lothetsa Phokoso ndi Phokoso Linzake

Mawu alionse amayenda mumpweya ngati mafunde: mpweya umapanikizika, kenako n'kumasuka. Sipika ikatulutsa funde lofanana ndi la phokoso koma lotembenuzidwa, lomasula mpweya pamene phokoso likuupanikiza, mafunde awiriwo amafafanizana. Paul Lueg wa ku Germany anapempha chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1933, ndipo dziko la America linamupatsa chiphasocho mu 1936. Pachithunzi chake panali paipi, maikolofoni yomva phokoso likamabwera, ndi sipika yolidikira kutsogolo. Nzeru inalipo, koma zipangizo zamagetsi za nthawiyo sizinkatha kusunga nthawi molondola, choncho ntchitoyo inathera papepala.

Njira yachiwiri inabadwira ku matelefoni. Mu 1927 Harold Black wa ku Bell Labs anapeza kuti makina okuzira mawu amalakwitsa pang'ono akamabwezeredwa gawo la zimene atulutsa litatembenuzidwa, ndipo mu 1932 Harry Nyquist anapereka masamu odziwira ngati makina otere adzakhazikika kapena ayi. Ndiwo maziko a feedback control: makina amayeza zotsatira za ntchito yawo n'kudzikonza okha. Mu 1953 Harry Olson ndi Everett May a ku kampani ya RCA anaika maikolofoni pafupi kwambiri ndi sipika, kuti phokoso lililonse lotsala pamalopo lizilamula sipikayo kulifafaniza. Ankaganiza zoika chipangizochi potsamira mutu pamipando ya ndege ndi galimoto.

Mdani wamkulu wa njirayi ndi kuchedwa. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo makinawa amayamba kuchitapo kanthu phokoso litafika kale. Funde lofafaniza likachedwa ndi theka la funde limawonjezera phokoso m'malo molichotsa, ndipo zinthu zikaipa makina amalira ngati mmene sipika ya m'tchalitchi imalirira maikolofoni ikayandikira. Hendrik Bode, nayenso wa ku Bell Labs, anali atasonyeza kale kuti makina otere akapondereza chisokonezo pamlingo wina wa mafunde, chimatumphukira pamlingo wina. M'chipinda vuto limakula chifukwa makoma amabweza mawu kuchokera mbali zonse. Komanso malo abata ozungulira maikolofoni ndi ochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kutalika kwa funde. Pa phokoso lamanzenene la mafunde 100 pa sekondi malowo ndi masentimita ngati 34. Pa mafunde 1,000 amatsala masentimita atatu okha.

N'chifukwa chake njira ya Olson inapambana m'kachipinda kakang'ono kwambiri, kamene kali pakati pa khutu ndi chivundikiro cha hedifoni. Mmenemo mtunda ndi waufupi, kuchedwa n'kochepa. Mu 1986 Dick Rutan ndi Jeana Yeager, pozungulira dziko lapansi ndi ndege ya Voyager osatera paliponse, anavala mahedifoni oyeserera a kampani ya Bose, ndipo mu 1989 kampaniyo inayamba kugulitsa otere kwa oyendetsa ndege.

Zipinda zazikulu zinabwerera kwa Lueg, koma ndi thandizo la kompyuta. Masamu odzisintha okha amene Bernard Widrow ndi Ted Hoff anatulutsa ku Stanford mu 1960 anayamba kugwira ntchito bwino m'ma 1980, tizipangizo towerengera mofulumira titatchipa. Phokoso la injini ndi la mapiko ozungulira a ndege limabwerezabwereza, motero makina amalidziwiratu poyeza liwiro la injini. Philip Nelson ndi Stephen Elliott a ku yunivesite ya Southampton anayesa njirayi m'ndege ya BAe 748, ndi masipika 16 ndi mamaikolofoni 32. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Nissan inaiika m'galimoto ya Bluebird ku Japan, ndipo posakhalitsa njirayi inalowa m'ndege zonyamula anthu za Saab ndi za Dash 8.

Mahedifoni ambiri a masiku ano amaphatikiza njira zonse ziwiri: maikolofoni yakunja imamva phokoso likubwera, yam'kati imakonza lotsala. Komabe luso lonseli limagonjetsa makamaka phokoso lamanzenene. Phokoso lotetemera amalitchingabe ndi siponji, makoma ochindikala ndi zitseko zotseka bwino.